Mbuzi ya a Kalilangwe ndi Khutu la Bambo Anga

Ana inu mumadana ndi kudzudzulidwa. Ndaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu ndi zinayi, ndiye musandinamize, ndimakudziwani. Munthu akangokuuzani kuti apa mwalakwa, milomo ija mumaitalikitsa moti wina atha kupachikapo jumbo. N'chifukwa chake lero ndati ndikuuzeni kumene unachokera mwambi uja wonena za khutu. Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa boma. Asiyeni anene. Ine khutu limene linatsinidwalo ndikulidziwa, linali la bambo anga.

Bambo anga, a Lufeyo Kamtedza, anali mlangizi wa ziweto. Nthawi imeneyo anali atangokwatira kumene, ndipo boma linawatumiza kukagwira ntchito kuchigwa, kutali ndi kwawo. Ankayendera madibi osambitsirako ng'ombe, kubaya katemera ndi kulemba ziphaso. Munthu akafuna kusamutsa ng'ombe kupita nazo dera lina, ankayenera kukhala ndi chiphaso chosainidwa ndi bambo anga, chotsimikiza kuti ng'ombezo zilibe matenda. Boma linawapatsa njinga yakapalasa ndi nyumba yamalata ya zipinda ziwiri. Kwa mwana wa mlimi wosauka, ntchito ndi nyumbayo ndiye chinali chuma chonse.

Pa ofesi pawo panali lamulo. Wogwira ntchito m'boma akalandira mphatso kwa munthu amene amamutumikira, kaya ndi nkhuku, kaya dengu la mango, ankayenera kulemba m'buku sabata isanathe. Ulendonso chimodzimodzi. Wina akakukweza galimoto yake ulere, unkalemba kuti unapita kuti, liti, ndipo anakutenga ndani. Kenaka bwana wa ofesi ankawerenga n'kugamula kuti mphatsoyo ipite kuti.

Bukulo ankasunga ndi mayi Nankhoma, kalaliki wosunga mafailo. Anali mayi wamfupi, wovala magalasi omangirira ndi ulusi, ndipo sankaseka chisawawa. Kwawo kunali kutali, analibe mwana, ankakhala okha. Pa ofesipo panalibe wowakonda. Anthu ankanong'onezana kuti ndi kazitape wa bwana, ndipo bambo anga nawonso ankakhulupirira zimenezo.

M'deralo munali munthu wina wachuma dzina lake a Kalilangwe, wogula ndi kugulitsa ng'ombe, mwini lole yokhayo ya m'chigwa chonse. Tsiku lina ng'ombe yawo inalephera kubereka, mwana atapingasa m'mimba. Bambo anga anathamangirako, anapinda malaya n'kumutembenuza mwanayo mpaka anatuluka wamoyo. Pamene ankasamba m'manja, anangoona mbuzi yonenepa akuimangirira kunjinga kwawo.

"Alangizi, mwandipulumutsira chuma," anatero a Kalilangwe. "Kambuzi aka mukachite ndiwo."

"Ayi bambo, imeneyi ndi ntchito yanga, boma limandilipira."

"Aa, mukufuna kundinyoza pamaso pa abusa anga? Kwanu mphatso mumakana? Komanso ndamva kuti mayi akunyumba ndi oyembekezera, akufuna kupita kwa makolo awo. Basi ija imagwedeza munthu ngati thumba la mtedza. Loweruka lole yanga ikupita komweko, mukakhale kutsogolo nonse awiri."

Kunena zoona, bambo anga anakondwa. Amayi anga anali ndi pakati pa ine, mwana wawo woyamba, ndipo mwana woyamba ankakabadwira kwa agogo ake akuchikazi. Loweruka anakwera lole ija, anawasiya amayi kumudzi, Lamulungu anabwerera pa lole yomweyo.

Kunyumba anapeza amalume awo, a Zakeyu, amene anabwera kudzacheza, ali kalikiliki kunola mpeni pamwala.

"Mphwanga, mbuziyi mawa madzulo igone mumphika."

"Koma amalume, ku ofesi kuli buku. Amati tizilemba mphatso."

A Zakeyu anaseka mpaka kutsokomola. "Buku? Boma lili ndi mano oti n'kudya mbuzi? Munthu wakupatsa mwachikondi, iwe ukamunenere kwa bwana ngati wakuba? Khala chete, tidye. Ine ndine mbale wako, sindingakunamize."

Mawu amenewa anawakomera bambo anga m'khutu, pakuti ndi zimene mtima wawo unkafuna kumva.

Lolemba m'mawa atafika ku ofesi, anapeza mayi Nankhoma ataima pakhonde.

"Bambo Kamtedza, dzulo ndinakuonani mukutsika lole ya a Kalilangwe. Kuseri kwa nyumba yanu kukuliranso mbuzi imene sabata yatha kunalibe. Buku lili patebulo panga."

"Mayi, zimenezo ndi za kunyumba kwanga, si za boma."

"Mukanakhala wosema mipini, a Kalilangwe akanakukwezani kutsogolo kwa lole?"

"Inu mukuchita nsanje basi," anatero bambo anga, n'kutembenuka kuti azipita.

Iii, ana inu! Mayi uja ananyanyamphira, n'kugwira khutu la bambo anga ndi zala ziwiri, tsinu! Mwamuna wandevu zake, wovala yunifomu ya kaki, anthu odikira ziphaso akuonerera. Anawakoka chomwecho mpaka patebulo.

"Ine ndaona anyamata anayi akutuluka pageti apo mphasa zili pamutu, wina chifukwa cha nkhuku imodzi yokha," anatero mayi Nankhoma. "Inu simukhala wachisanu ine ndikuona. Mudane nane, palibe kanthu. Cholembera ndi ichi."

Bambo anga analemba mokwiya. Analemba za mbuzi, analemba za ulendo, tsiku lake ndi dzina la mwini lole. Masana bwana anawerenga n'kulemba pansi pake kuti mbuzi ipite kukhitchini ya chipatala, odwala akadye, ndipo alangizi asadzakwerenso lole imeneyo. Mayi Nankhoma sanakhutire mpaka a kuchipatala atadinda chidindo chawo patsamba lomwelo kusonyeza kuti mbuzi ailandira.

A Zakeyu ataona mbuzi ikutuluka pakhomo yamoyo, anamanga katundu wawo tsiku lomwelo. "Wasiya kumvera abale ako, ukumvera mkazi wachilendo wopanda ndi mwana yemwe," anatero, n'kumapita osatsanzika. Bambo anga anawawidwa mtima kwambiri. Kwa masabata asanu ndi limodzi sanawapatse moni mayi Nankhoma. Akawaona akubwera uku, iwo ankakhotera uko.

Paja amati chakudza sichiimba ng'oma. M'chigwa muja munagwa matenda a ng'ombe, aja a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Boma linalamula kuti ng'ombe iliyonse ikhale pamene ili, isatuluke m'deralo. A Kalilangwe anali atagula kale ng'ombe makumi awiri zoti akagulitse kutauni. Anawapeza bambo anga kudibi, n'kuwaitanira pambali.

"Alangizi, kachiphaso kamodzi kokha. Mulembe tsiku la mwezi watha, matenda asanagwe. Palibe adzadziwe."

"Sindingathe bambo. Ziwiri mwa ng'ombe zanu zikutuluka dovu, ndaziona ndekha. Zikatuluka muno zikapatsira makola a anthu osalakwa."

A Kalilangwe anamwetulira, koma maso awo sanaseke. "Mbuzi ija inakoma? Nanga akazi anu anapita wapansi kumudzi?"

Apa m'pamene bambo anga anazindikira kuti mbuzi ija inabwera ndi chingwe chake, ndipo mbali ina ya chingwecho inatsala m'manja mwa mwini wake. Komabe anakana.

A Kalilangwe sanachedwe. Analemba kalata kulikulu yonena kuti mlangizi Kamtedza amadya ziphuphu, anadya mbuzi yawo, anakwera lole yawo ulere, ndipo tsopano akuwakaniza chiphaso chifukwa akufuna ng'ombe yathunthu. Patangopita masiku ochepa, kunabwera akuluakulu awiri kudzafufuza. Bwana amene anasaina m'buku uja anali atasamutsidwa, panali bwana watsopano wosadziwa kanthu. M'mawa wa tsiku lomwelo, kondakitala wa basi anabweretsa uthenga woti amayi anga achira, kwabadwa mwana wamkazi. Bambo anga analowa m'chipinda cha mlandu akudziwa kuti akatuluka opanda ntchito, mwanayo alibe nyumba yofikira.

Wamkulu wa ofufuza aja anafunsa mafunso awiri okha.

"Mbuzi munalandira?"

"Ndinalandira, bwana."

"Lole munakwera?"

"Ndinakwera, bwana. Koma ndinalemba, ndipo mbuziyo sindinadye."

"Aliyense amene timamufunsa amatero," anayankha mkulu uja akutseka failo. A Kalilangwe anali atakhala pampando wapakona, akusisita mimba yawo. Bambo anga anayang'ana pansi. Ankachita manyazi kuitana munthu amene anamumana moni masabata onse aja, ndipo ankaganiza kuti ngakhale atamuitana, sangabwere.

Chitseko chinatseguka popanda odi. Analowa mayi Nankhoma, buku lili kukhwapa.

"Pepani mabwana, sindinaitanidwe, koma bukuli ndi la boma, ndipo inu ndinu boma. Tsegulani pamene ndaika kapepalapo."

Mkulu uja anawerenga mwakachetechete. Anaona tsiku, anaona kuti zinalembedwa matenda asanagwe, kalata ya a Kalilangwe isanalotedwe n'komwe. Anaona siginecha ya bwana wakale ndi chidindo cha chipatala. Anampatsa mnzake kuti awerengenso. Kenaka anatembenukira kukona kuja.

"Bambo Kalilangwe, mbuzi yanu inadyedwa ndi odwala. Munthu wofuna chiphuphu salemba yekha m'buku la boma. Tsopano tatiuzeni, ng'ombe makumi awiri zija mumafuna kuzitulutsa bwanji m'dera lotsekedwa?"

Ha! Dzanja lija linasiya kusisita mimba. Mlandu unatembenukira kwa mwini kalata, ndipo bambo anga anauzidwa kuti abwerere kuntchito.

Atatuluka, anawapeza mayi Nankhoma akubwezera buku pashelefu ngati palibe chachitika. Bambo anga anagwada pasimenti, misozi ili chuchuchu.

"Amayi, ndinakunyozani. Ndinakumanani moni. Mundikhululukire."

"Dzukani, mudetsa yunifomu ya boma," anatero mayi aja. Koma anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

"Zikomo yapakamwa siikwana," anatero bambo anga. "Mbuzi sindingakupatseni, mungandilembetsenso m'buku. Kwabadwa mwana kumudzi. Ndikupempha mupite nane mukamutche dzina."

Mukudziwa inu kuti dzina la mwana woyamba satcha munthu wamba. Amatcha ndi mbale wa bambo, mlongo wawo kapena amalume. Choncho tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, abale ataona mayi wachilendo wamagalasi atakhala pamphasa ya kutsogolo, anayamba kung'ung'udza. A Zakeyu, amene anabwera ali ndi dzina lawo kale m'thumba, anaimirira.

"Mphwanga, ameneyu ndi ndani wathu? Wafuko lanji? Abale tatha kodi?"

Bambo anga anayankha mwaulemu, koma mawu awo anamveka mpaka kuseri kwa nkhokwe. "Amalume, ndimakulemekezani. Koma nthawi ija inu munandinolera mpeni, awa ananditsina khutu. Ndikanadya mbuzi ija, lero mwanayu akanatuluka m'chikuta bambo ake ali paulova, dzina lawo litaipa dziko lonse. Ine ndaona ndi maso anga kuti wakutsina khutu ndi mnansi."

Kenaka agogo anga akuchikazi analulutira, ananyamula khanda lija n'kuliika m'manja mwa mayi Nankhoma. Mayiwo analilandira ndi manja awo ozolowera mafailo aja. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Uyu ndi Elube." Limeneli linali dzina la amayi awo owabereka.

Elube wake ndine. Kuyambira tsiku limenelo mayi Nankhoma sananditchulepo dzina, ankangonditcha "amayi." Ndiwo anandiphunzitsa kugwira cholembera, ndipo khutu langa nalonso linazidziwa zala ziwiri zija kangapo konse. Ndinakulira m'nyumba yamalata ija, ndinaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi, bambo anga anapuma pantchito dzina lawo lili loyera. Zonsezi ndimathokoza mayi amene anthu ankati alibe mwana. Atamwalira, amene anakhala kumutu kwa bokosi lawo ndinali ine.

Anthu amene anali pamwambo uja anawatenga mawu a bambo anga n'kupita nawo kwawo, ndipo mpaka lero mukuwamva: wakutsina khutu ndi mnansi. Tanthauzo lake ndi lakuti amene amakuchenjeza zinthu zisanaipe ndiye mbale wako weniweni, ngakhale mawu ake akuwawe, ngakhale magazi anu akhale osiyana. Wokuuza zokoma zokhazokha amadya nawe nyama, koma tsiku la mlandu sumuona. Ena mwa inu mudzagwira ntchito m'boma, ndipo mudzakumana ndi a Kalilangwe anu, pakuti sanathe. Mphatso ikadzabwera, mudzailembe dzuwa likuwala. Ulendo waulere nawonso mudzaunene. Ndipo wina akadzakugwirani khutu n'kukukokerani kubuku, musadzachite ngati bambo anga, kudikira masabata asanu ndi limodzi. Mudzamuthokoze tsiku lomwelo, khutu likadali lotentha.