Tsitsi la Mwatitha Litabala Mawere

Kalekale, m'mudzi wina wa kuseri kwa phiri, munali mayi dzina lake Mwatitha. Mwamuna wake anali Kamtedza, mkamwini wochokera kutsidya kwa mtsinje. Mwini mbumba anali mlongo wake wa Mwatitha, Chidzanja, munthu wa mimba yaikulu ndi manja aafupi.

Tcherani khutu, ana inu. Denga la Chidzanja anafolera ndani? Kamtedza. Zitsa za m'munda mwake anazula ndani? Kamtedza. Chidzanja atathyoka mwendo pochokera ku mowa, anam'bereka kumsana ndani? Kamtedza yemweyo! Tsiku lina Kamtedza anagwa chafufumimba pamzere, khasu lili m'manja, m'munda mwa mlamu wakeyo. Osadzukanso.

Anamuika m'manda. Tsono mwambo unali wakuti wamasiye asadule tsitsi kufikira tsiku lometa maliro. Tsikulo abale amafulula mowa, ofedwa amametedwa, mzimu umamasuka n'kupita. Mawere a mowawo amatulutsa ndi mwini mbumba.

Mwatitha anapita, nagwada. "Achimwene, mawere ometera alamu anu."

"Mawa."

Anapitanso, nagwada. "Achimwene, mawere aja."

"Mawa, ndati!"

Anapitanso. Chidzanja analavula pansi. "Iwe, mkamwini ndi tambala wobwereka. Akafa sitipasula nkhokwe. Mawerewa ndi a ukwati wanga, ndapeza mkazi wachiwiri."

Mwatitha anabwerera kunyumba mano ali gwa, ndipo tsitsi lake linayamba kukula. Linafika m'mapewa. Linafika m'chiuno. Linatsika pansi, linatuluka pakhomo, n'kumakwawa m'njira ngati linthumbu. Linadutsa pachitsime, linalowa kumanda, n'kuboola mtumbira wa Kamtedza. Kumeneko linazika mizu.

Tsitsilo linkamumwa mwini wake. Likatalika, iye ankaonda. Nthiti zinatuluka, maso analowa, khosi linkalephera kunyamula mutu. Anadziwa kuti akapanda kumetedwa, tsitsi limumaliza n'kumukokera kwa mwamuna wake.

Mvula itagwa, tsitsi linachita maluwa. Ha, maluwa ake! Oyera mbee, onunkhira uchi, njira yonse kuchokera pakhomo mpaka kumanda. Njuchi zinabwera, agulugufe anabwera. Koma mkati mwa duwa lililonse munali kakamwa kakang'ono, ka mano a mpata ngati a Kamtedza. Mphepo ikawomba, timakamwa tonse tinkayimba:

"Ndimeteni, alamu, ndipite,
Khasu ndasiya, ndipite."

Maluwa atayoyoka, panatuluka ngala za mawere, zofiira, zonenepa ngati mkono wa khanda.

Chidzanja ataona, anaomba m'manja. "Taonani mlamu wanga! Kufa wafa, koma kulima sanasiye!"

Anatenga mpeni. Anadula ngala, magazi anadontha, Mwatitha anakuwa m'nyumba. Anadula ina, magazi anadontha, Mwatitha anakuwa. Dengu linadzaza.

A Nachisale, mayi awo aang'ono, anabwera akuthamanga, nsalu ili m'manja. "Chidzanja, galu iwe! Ukukolola pamutu pa mlongo wako? Bere munayamwa limodzi!"

"Mayi, chomera pa nthaka yathu n'chathu."

"Ndimumeta ndekha, mowa kapena popanda mowa!"

"Yesani. Dzanja logwira lumo ndilidula ngati ngala izi."

Kuyambira pamenepo Chidzanja ankakolola m'mawa uliwonse, nkhokwe yake yakale osaigwira. Mwatitha anali gone m'nyumba. Ankangoyang'ana kudenga, mkwiyo ukuwira m'chifuwa ngati mphika wovundikira.

Ukwati utayandikira, Chidzanja anafululitsa mowa wa mawere a patsitsi aja. Mowa wake unali wakuda bii, thovu loyera ngati maluwa. Alendo ataununkhiza anabweza chipanda.

"Ukununkha dothi la kumanda, achimwene," anatero mmodzi.

"Amantha inu! Bweretsani kuno!"

Anamwa, anamwa, mpaka chipanda kuloza kumwamba. "Kukoma!" Kenaka anatsokomola. Anapisa zala m'kamwa, natulutsa katsitsi. Anakoka. Anakoka. Katsitsi osatha! Lina linatulukira m'mphuno, lina m'makutu, lina m'mbali mwa maso. Linatsika pachifuwa, linakwawa pabwalo, linakumana ndi la m'njira lija, n'kulukana nalo ngati chingwe. M'ndevu zake munaphuka maluwa, ndipo anamuyimbira pansi pa mphuno pomwe:

"Ndimeteni, alamu, ndipite!"

Mkwatibwi anathawa osatsanzika. Alendo anathawa, ena kusiya ndodo zawo.

A Nachisale anatenga nkhwangwa, nang'amba nkhokwe ya Chidzanja. "Amayi inu, sinjani! Mwini wake pakamwa padzaza, sakana."

Amayi anasinja, anafulula. Masiku onse amene mowa unkapsa, Chidzanja anaimirira pabwalo, kukhala osatheka, kugona osatheka, njuchi zikulowa ndi kutuluka m'makutu mwake.

Mowa utapsa, abale anathira chipanda choyamba pamtumbira. Ananyamula Mwatitha, namukhazika pamphasa. A Nachisale ananyowetsa mutu wake, nayendetsa lumo. Tsitsi linagwa. Mphepo inakhudza mpala wake, ndipo Mwatitha anapuma mpweya wautali, woyamba chifereni mwamuna wake.

Nyimbo inaleka. Tsitsi linayamba kubwerera kumanda, pang'onopang'ono, ngati njoka yolowa kuuna. Ndipo linkakoka Chidzanja ndi pakhosi! Anagwira mtondo, mtondo unagwa. Anagwira mtengo wa mango, makungwa anam'tsalira m'zikhadabo.

A Nachisale anaika lumo m'dzanja la Mwatitha. "Mwananga, chingwe chom'koka n'chimodzi, icho chikudutsa pamapazi ako. Ndi mlongo wako. Kudula n'kwako."

Mwatitha anayang'ana chingwecho. Anayang'ana mikono yake, yowonda ngati mapesi. Anayang'ana Chidzanja, amene maso ake ankapempha kudzera m'maluwa.

"Achimwene," anatero, "kudula kumafuna mphamvu. Zanga munakolola, munafulula, munamwa. Zili m'mimba mwanumo."

Anapukuta lumo pansalu, nalibwezera kwa mwini wake.

Chingwe chinadutsa. Chidzanja anadutsa, zidendene zikulima mizere iwiri m'njira. Mtumbira unayasama, unameza, unatseka.

Mwatitha anasisita mpala wake. "Mayi," anatero, "ndiphikireni phala. Ndili ndi njala."

Nthano yanga yagwera pamenepo, palibe chotsala choti mutole. Thukuta la munthu silikwiriridwa naye limodzi.