Lameki Apite kwa Yani?

Kalekale, msewu wopita kuboma ukadali wafumbi, kunali munthu wina dzina lake Lameki. Anali woyendetsa ngolo. Anali ndi ng'ombe ziwiri zakezake, ndipo ankanyamulira anthu njerwa, mchenga ndi chimanga pamsika wa kwawo kwa mkazi wake Elube, poti iye kumeneko anali mkamwini. Munda umene ankalima unali wa akuchikazi, malo amene anamangapo nyumba analinso a akuchikazi, ngakhale kamwana kakakazi kamene anabereka kanali ka mbumba ya komweko. Kwawo kwenikweni, kutali kuseri kwa phiri, kunatsala mayi ake okalamba ndi alongo ake.

Tsiku lina ng'ombe zija zinalowa m'dimba la mlamu wake Gelesomu n'kudya ndiwo zonse. Gelesomu anabwera atamwako, chikwanje chili m'manja. Lameki anali ndi mpini wa khasu umene ankasema. Zimene zinachitika pamenepo zinafulumira kuposa mmene ndikukuuzirani. Gelesomu anagwa, osadzukanso. Dzuwa lisanalowe Lameki anali m'manja mwa apolisi, ndipo posakhalitsa anamutumiza kundende kuti azikadikira mlandu wake ali mkati.

Anadikira. Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiyanso, kangapo konse, mlandu wake uli gone kwinakwake. M'chipinda munali modzaza moti anthu ankagona chokhala, wina atatsamira mawondo a mnzake, ndipo wamwayi anali amene wapeza malo a pakhoma. Poyamba Lameki ankalira, kenaka ankapemphera, kenaka anasiya zonse ziwiri. Mtima wake unachita dzanzi ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Anayamba kutsokomola, miyendo n'kutupa, ndipo chakudya chake ankangochikankhira kwa woyandikana naye.

Kundendeko kunkabwera anthu ongodzipereka, osalipidwa ndi aliyense, odzathandiza akaidi. Anthu abwino, ndikunena zoona, ndipo musandimve ngati ndikuwanyoza. Mwa iwowa, atatu ndi amene anagwira moyo wa Lameki.

Woyamba anali mayi Nangondo, mayi wamasiye wa m'gulu la amayi a mpingo amene ankabweretsa sopo ndi phala kwa akaidi odwala. Anamupeza Lameki atakhala pakhoma, maso ali gwa. Anamulankhula za Mulungu, iye duu. Anamulankhula za mkazi wake, duu. Atamufunsa ngati mayi ake ali moyo, m'pamene anatembenuka. Basi a Nangondo anamanga chitenje, anakwera galimoto mpaka kuseri kwa phiri, n'kubwerako ndi moni komanso kamtedza kamene gogoyo anakamanga pansalu. Lameki anadya mtedzawo umodziumodzi, mawa lake anamwa phala, ndipo anayamba kulandira mankhwala.

Ulendo wachiwiri a Nangondo anapeza mayi a Lameki atamwalira, maliro ataikidwa kale. Alongo a Lameki anawapempha kuti akamuuze, ndipo abwere ndi mawu ake, ngakhale liwu limodzi lokha lopepesa, loti akanene pa tsiku lometa. A Nangondo anabwerera kundende ali ndi uthengawo pakamwa. Anayang'ana miyendo ija, imene inali itangoyamba kuphwa, n'kuumeza. Anamuuza kuti mayi ake ali bwino ndipo akupereka moni, anamupatsa mtedza wa m'munda mwawo, ndipo anapitiriza kutero mwezi ndi mwezi. Alongo aja atafunsa, a Nangondo anachita manyazi kunena kuti sanamuuze. Anangoti wamva, koma sananene kanthu. Ku banjako anati munthuyu wapha mlamu wake, wapha mayi ake ndi chisoni, ndipo ngakhale msozi alibe. Anagwetsa nyumba ya malemu, anagawana munda, ndipo malume ake ananena pagulu kuti iwo mwana wotere alibe. Lameki anachira.

Wachiwiri anali bambo Msosa, munthu wachinyamata wodziwako za malamulo, osati loya ayi, amene ankayenda m'ndende kufunsa akaidi za milandu yawo n'kumakaikumbutsa kukhoti. Nsapato zake zinatha zidendene ndi maulendo amenewo. Atamva kuti Lameki wakhala zaka zonsezo osaonana ndi woweruza, anagogoda khomo ili ndi ilo mpaka mlandu unadzuka. Koma anabwera ndi mawu olemera. Mboni zimene zinaona chikwanje cha Gelesomu zinali zitabalalika: wina anamwalira, wina anapita ku Joni, otsalawo anali abale a malemu. Lameki akakana mlandu, adikiranso zaka, mwinanso n'kudzagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Akavomera kuti anapha munthu mosakonzekera, woweruza awerengera zaka zimene wakhala kale n'kungowonjezerapo pang'ono.

"Komatu iye ndiye anabwera ndi chikwanje," anatero Lameki.

"Ndikukukhulupirirani, achimwene," anayankha a Msosa. "Koma chifuwa chanuchi sichidikira kuti mboni zibwerere."

Tsiku la mlandu Elube anabwera, n'kukhala pabenchi la kumbuyo. Zaka zonsezo mayiyu anali atakana amuna, atakangana ndi alongo ake, akunena kuti mwamuna wake anangodzitchinjiriza ndipo tsiku lina khoti lidzanena zomwezo. Ndiye anamva ndi makutu ake mwamunayo akuti, "Ndikuvomera, ndinapha." Panalibe amene anamufotokozera kuti mawuwo anali kiyi wotsegulira chitseko. Anabwerera kwawo, ndipo abale ake ataitana ankhoswe kuti ukwati uthe, iye sanatsutse. Pofika nthawi yokolola anali atakwatiwa ndi wina, amene analowa m'nyumba yomwe Lameki anamanga. Koma chilango chinakhaladi chachifupi, monga a Msosa ananenera.

Wachitatu anali a Jailosi, bambo wachikulire amene paunyamata wawo analawako ndende chifukwa cha ng'ombe za eni. Tsopano ankayenda ndi kagulu koyanjanitsa mabanja a olakwa ndi olakwiridwa. Ankakhala kufupi ndi msika uja, ndipo kumeneko anamva kuti abale a Gelesomu alumbira kuti Lameki akadzangotuluka adzamudikira pamlatho, ndipo sadzawoloka wamoyo. A Jailosi anapita kukawaona, anawathamangitsira agalu. Anapitanso, anawasiya ataima padzuwa osawapatsa mpando. Anapitabe, mdala wamakani uja, mpaka eni mudziwo anatopa naye n'kumuyalira mphasa.

Abale a Gelesomu anati chabwino, magazi sitikhetsa, koma pali ziwiri. Ng'ombe ndi ngolo zipite kwa mkazi wa malemu alelere ana. Ndipo Lameki asadzapondenso tsidya lino la mtsinje, kaya kuli matenda, kaya kuli maliro, kaya mwana wake akukwatiwa. A Jailosi anadziwa kuti akati ayambe akafunsa mwiniwake, mitima iwiranso. Anavomera pomwepo m'malo mwa Lameki, n'kuikapo mutu wawo: munthuyu akadzawoloka, mudzayambe ndi nyumba yanga. Zikwanje zinabwerera kumunda.

Tsiku lotuluka linafika. Atatuwa anakumana pachipata cha ndende dzuwa litakwera, aliyense atavala zake za Lamulungu, ndipo aka kanali koyamba kuonana. Atadziwa kuti akudikira munthu mmodzi, inayambika nkhani yoti anamupulumutsa ndani. A Nangondo anati popanda phala lawo, a Msosa akanakatulutsa mtembo. A Msosa anati phala likanangomutalikitsira masiku ovutikira mkatimo. A Jailosi anaseka, nati nonsenu mukanamunenepetsa n'kumutulutsa kuti akafere pamlatho. Ukanawamva ukanati akulimbirana mkamwini wolemera.

Kachitseko kanatseguka, Lameki anatuluka ndi jumbo yokhala ndi kapu ndi kachidutswa ka sopo. Anawapatsa moni onse ndi manja awiri. Kenaka anati iye ayamba wakaona mayi ake, ndipo anafunsa kumene angakwerere galimoto ya kuseri kwa phiri.

A Nangondo anagwada pafumbi pomwepo n'kumuuza zonse, kuyambira maliro mpaka mawu a malume ake. Anali akulira. Lameki anawayang'ana nthawi yaitali.

"Nanga mtedza uja, amayi?"

"Unali wa m'munda mwanga, mwananga."

"Chabwino," anatero Lameki.

Anasintha jumbo kuipereka kudzanja lina, nati ndiye apita kwa Elube. Anali ataona kuti chichokereni kukhoti mkaziyo sanabwerenso, koma ankati mwina ndi ulendo kutalika. A Msosa, amene anali atamva nkhaniyo kalekale, anafotokoza akuyang'ana nsapato zawo. Lameki anati chabwino. Anati ndiye azikagona m'ngolo mwake pamsika, azinyamula njerwa, mwana wake azimuonera patali popita kusukulu. A Jailosi anavula chipewa n'kumuuza za ng'ombe, za mtsinje ndi za lumbiro. Lameki anatinso chabwino. Sanakwiye, sanalire. Ine ndikanakonda akanatukwana, chifukwa munthu wotukwana amakhala akadali ndi kanthu mkati. Iye anangopita pamwala umene unali pambali pa chipata n'kukhala pansi, jumbo ili pamiyendo.

Msilikali wa pachipata, amene anamva zonsezi, anafunsa kuti kodi munthuyu akupita ndi ndani, poti pachipata si pokhala.

Apa nkhani ija inatembenuka. Anthu omwe aja amene ankalimbirana Lameki anayamba kupatsirana. Ndipo musafulumire kuwaweruza, chifukwa aliyense anali ndi chifukwa chomveka.

A Nangondo anati iwo ndi mayi wamasiye, nyumba yawo ndi ya chipinda chimodzi, ndipo amagona ndi zidzukulu zawo zazikazi zimene zayamba kusinkhuka. Mwamuna amene anavomera pakhoti kuti anapha munthu akalowa mmenemo, makolo a anawo awatenga tsiku lomwelo, ndipo kumpingo anthu sadzasowa chonena. Anati amutenge a Msosa, amene anamuika mawu amenewo pakamwa n'kumuthetsera ukwati.

A Msosa anati iwo amakhala m'kachipinda ka lendi, ndipo gulu lawo lili ndi lamulo loletsa kutengera kunyumba munthu amene wamuthandiza pa mlandu. Akaliphwanya awaletsa kulowa m'ndende, pamene mkatimo muli anthu ambirimbiri amene milandu yawo ikadali gone, ena akutsokomola ngati mmene ankachitira Lameki. Anati amutenge a Jailosi, amene anapereka ng'ombe za mwini osamufunsa, chifukwa munthu wokhala ndi ngolo akanapeza pogona paliponse.

A Jailosi anati iwo malo ali nawo, ndipo akanakonda kumutenga, poti fungo la mkatimo akulidziwa. Koma nyumba yawo ili tsidya loletsedwa lija. Akawoloka naye, nyumba ipsa, Lameki afa, ndipo palibe banja lolakwiridwa limene lidzayalirenso mphasa munthu wodzayanjanitsa. Anati amutenge a Nangondo, chifukwa munthu aliyense akakanidwa kwina konse amabwerera kwawo kobadwira, ndipo khomo limenelo analitseka ndi a Nangondowo. Komanso ndi iwo amene akhala akumutchula kuti mwananga.

Anazungulira choncho mpaka mthunzi wa mpanda unafika pamwala paja. Panalibe amene ananama, panalibenso amene anachoka. Onse atatu zinkawawawa, ndipo aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe kufewa.

Ali mkati molankhula, Lameki ananyamuka n'kupita kwa msilikali uja. Anaima mwaulemu monga anazolowera, manja kumbuyo.

"Bwana, malo anga aja a pakhoma alipobe?"

"Wina wakhalapo kale," anayankha msilikaliyo. "Ndiponso muno salowa munthu wopanda mlandu."

Lameki anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene walangizidwa njira. Anatembenuka n'kuyang'ana kumsewu, kumene anthu ankadutsa ndi njinga zawo ndi akatundu awo. Atatu aja anasiya kulankhula, chifukwa onse anaona mmene anagwedezera mutuwo, ngati woganiza zopalamulanso kuti abwerere mkati.

Ine nkhaniyi ndaisiyira pomwepo, munthu ali chiimire pakati pa chipata ndi msewu. Onse atatu anamupulumutsa, ndipo popanda mmodzi wa iwo bwenzi ali m'manda. Onse atatu anamutsekera khomo, aliyense lake, pofuna kumusungira moyo womwewo. Ndipo aliyense akamutenga ataya chinthu chimene si chake yekha: wina zidzukulu, wina akaidi otsala mkati, wina mtendere wa mabanja awiri.

Tsono inu amene mwamva, dzuwa lisanalowe Lameki ayenera kutsatira munthu mmodzi. Kodi anyamule jumbo ija n'kunena kuti tiye kwathu ndi ndani: mayi Nangondo, bambo Msosa, kapena a Jailosi?