Wogulitsa Nyama Amene Ankaopa Mpeni

Panali munthu wina wogulitsa nyama ya mbuzi pamsika wa m'mbali mwa msewu. Anali wamkulu thupi, wa mawu ngati ng'oma, ndipo chikwanje chake chinkathyola fupa la msana kamodzi n'kamodzi. Koma anali ndi chinsinsi chimene msika wonse unkachidziwa: ankaopa mpeni ukamalowa pa chinthu chamoyo. Nyama yakufa ankaiduladula akuimba. Mbuzi yamoyo ikangolira, iye ankayang'ana kumapiri.

Mwayi wake unali wakuti pamsikapo anthu sankagula nyama imene sanazinge Msilamu. Choncho m'mawa uliwonse kunkabwera mkulu wina wochepa thupi, wa mpeni wautali wokulunga m'kansanza. Wogulitsa nyama ankagwira miyendo ya mbuzi, nkhope atalozetsa kwina. Wozingayo ankayamba waimwetsa madzi mbuziyo, n'kuisisita pakhosi, mpeni ataubisa kumbuyo. Kenako ankatchula dzina la Mulungu, ndipo zinkatha mbuziyo isanadziwe.

Anagwira ntchito choncho mpaka onse awiri anamera imvi. Tsiku lina wogulitsa nyama anafunsa kuti, "Achimwene, mpeniwo mumaubisiranji? Mbuziyi ifa ndithu."

Wozinga anati, "Mwini wake sakonda kuti cholengedwa chake chife ndi mantha."

Mawu amenewo anamukhala pamtima wogulitsa nyama. Anapita nawo kunyumba, anagona nawo, anadzuka nawo. Potsiriza anauza mkazi wake kuti, "Mulungu amene amasamala za mantha a mbuzi, ameneyo ndiye ndikumufuna ine."

Lachisanu lina analowa mumzikiti, nanena pamaso pa anthu kuti palibe wina wopembedzedwa koma Mulungu mmodzi, ndi kuti Muhammad ndi mtumiki wake. Anasiya kachasu. Anasiya nkhumba ya pachiwaya, imene kale ankaimva fungo ali kutsidya kwa mlatho. Anaphunzira kuswali, kupemphera kwa Asilamu kuja, ngakhale kuti mawondo ake ankalira ngati mapesi ouma ndipo Chiarabu chinkatuluka m'kamwa mwake chitapindika. Mwezi wosala utafika, anasala ali chiimire pafupi ndi anyamata okazinga chiwindi, malovu akumeza, osadandaula.

Tsono mumzikitimo munali mkulu wina wa mkanjo woyera. Iyeyu ankadziwa malamulo onse, makamaka amene amakhudza anthu ena. Tsiku lina anamutengera pambali wogulitsa nyama, nati, "Zonse mwachita bwino, bambo. Kwatsala kumodzi." Analoza ndi mlomo kumene kunatsalako. "Ku jando simunapite. Munthu wosadulidwa, kwa ife ndi mwana."

Mwanayo anali ndi zidzukulu zotha kutunga madzi.

Wogulitsa nyama anakafunsa mnzake wozinga. Mnzakeyo anati, "Mdulidwe ndi wabwino, ndi njira ya aneneri. Mukatha, chitani. Koma Chisilamu munalowa ndi mtima ndi lilime. Khomo lake si kumeneko."

Wa mkanjo woyera sanagone nazo. Pamzere woswali ankasuntha pang'ono wogulitsa nyama akaima pambali pake. Ndiwo anayamba kukagula kwa wina. Anzake ena anamutsatira, chifukwa munthu wovala zoyera akanyansidwa, ambiri amaganiza kuti waona kanthu.

Wogulitsa nyama anati, chabwino, ndipita.

Poyamba anapita kwa ngaliba, amene amadula anyamata ku jando. Anapeza nkhalamba ya manja onjenjemera. Nkhalambayo inamulandira bwino, inamukhazika pampando, n'kuyamba kunola mpeni pamwala iye akuona. Itanola, inayesa mpeniwo pa ubweya wa pamkono wake. Wogulitsa nyama anapempha kuti amulozere kuchimbudzi. Amene anamuonanso anamuona ali pamsika, akupachika mwendo wa mbuzi, thukuta lili kamukamu.

Kachiwiri anapita kuchipatala. Anafola bwinobwino mpaka kulowa m'chipinda. Namwino amene anamupeza m'menemo anali mwana wa anansi ake, mtsikana amene iye ankamuwonjezera matumbo akatumidwa ndiwo ali wamng'ono. Mtsikanayo anagwada mwaulemu, nati, "Agogo, tikuthandizeni chiyani?" Agogo anatsokomola. Anabwerera kunyumba ndi botolo la mankhwala a chifuwa, ndipo analimwa lonse kuti lisakhale bodza.

Mkazi wake ataona kuti munthu akuonda, anati, "Abambo, ine ndakhala nanu zaka zonsezi, sindinadandaulepo. Kodi akudandaulawo akufuna kukwatiwa nanu?"

Iye anaseka, koma mtima sunakhale pansi. Akamaliza kuswali ankatsalira pamkeka, n'kumalankhula ndi Mulungu m'Chichewa, chimene sichinkapindika. Ankati, "Mwini wanga, mowa ndinasiya osalira. Nkhumba ndinasiya, ndinalirako pang'ono. Apa pokha miyendo ikukana. Si mwano, ndi mantha. Inu mumawadziwa mantha. Ndinaona ndi mbuzi."

Kenako kunamveka kuti achipatala oyendayenda abwera ndi tenti pabwalo la sukulu, adzadula amuna tsiku limodzi lokha n'kupitirira. Anthu ankawadziwa odulidwa potuluka m'matenti otere: buluku m'manja, chitenje m'chiuno, akuyenda ngati abakha.

M'mawa wa tsikulo wogulitsa nyama anati kwa mkazi wake, "Ndibwerekeni chitenje."

"Ndikuikireni m'jumbo?"

"Ayi, ndivala pompano. Ndikapita ndi buluku, bulukulo lindibweza."

Mkaziyo anamupatsa cha maluwa ofiira, chimene ankapitira kuukwati. Iye anachimanga m'chiuno, navala kachisoti kake koswalira, natuluka. Njira yachidule yodzera m'minda inalipo. Iye anadzera pakati pa msika.

Msika unaima. Amayi a tomato anagwetsa mulu. Anyamata a pachiwaya anakuwa kuti, "Mayi, nyama lero mulibe?" Wina anati, "Apongozi, mwatchena, ukwati uli kuti?" Iye ankapereka moni kwa aliyense, benchi ndi benchi, n'kumanena yekha kumene akupita, kuti pasatsale munthu ndi mmodzi yemwe amene iye angadzamunamize ndi botolo la chifuwa. Atafika pamene panali mnzake wozinga, anati, "Achimwene, lero ndadzigwira ndekha miyendo." Mnzakeyo sanaseke. Anamutungira madzi m'kapu, iye namwa, napitirira.

Pabwalo la sukulu panali benchi lalitali pansi pa mtengo wa mango. Mbali imodzi kunkakhala odikira, atavala mabuluku. Mbali inayo kunkapumira omaliza, atavala zitenje. Anthu ankabwera, ankalowa, ankatuluka, aliyense maganizo ali pa zake. Dzuwa litapendeka, achipatala anapinda tenti yawo. Anaona mkulu wa chitenje atatsamira mtengo, maso atatseka, namubayibitsa mwaulemu kuti asamudzutse, galimoto n'kunyamuka.

Wa kabaza amene mkazi anamutuma kuti akamutenge anamupeza pomwepo. Anali atakhala pakati penipeni pa benchi. Mtima unali utaima.

Asilamu sachedwetsa maliro. Kutacha, manda anali atakumbidwa, sanda yomukulungira itafika, madzi omusambitsira ali pamoto. Apo wa mkanjo woyera anaima pakhomo la nyumba, nati, "Tisanamusambitse, tidziwe. Ngati analowa m'tenti muja, ndi wathu. Ngati sanalowe, kumanda kwathu ayi."

Anafunsa amene analipo dzulo lake. Wina anati anamuona akulowa. Wina anati anamuona akuzungulira kuseri kwa tenti. Wachitatu anati iye tsiku limenelo sankaona za munthu wina aliyense. Chitenje sichikanathandiza, pakuti msika wonse unaona kuti anachoka nacho kunyumba. Achipatala anali atawoloka kale mitsinje.

Anatuma munthu kukafunsa mkazi wamasiye m'nyumba ya amayi. Yankho linabwera lakuti, "Anachoka ndi chitenje changa, wabwera ndi chitenje changa. Zinazo kafunseni mtengo wa mango."

Abale a malemu ochokera kumudzi, amene sanakondwere ndi Chisilamu chake kuyambira pachiyambi, anali atakhala pansi pa nkhokwe. Mmodzi anaimirira nati, "Ngati simukumufuna, nenani msanga. Matabwa a bokosi tili nawo, ndipo kwaya yabwera kale ndi mabuku." Apo ena a mumzikiti anapsa mtima, nati munthu wathu simungamuimbire. Abale aja anati, ngati ndi wanu, munyamuleni. Iwo anati, tidikire kaye tidziwe.

Dzuwa linakwera. Madzi anazizira, anawabwezera pamoto, anaziziranso. Munthu amene moyo wake wonse sanalolepo nyama yake kukhalitsa pa kutentha anagona m'nyumba ya malata, amuna akukangana pakhonde za kachikopa kosakwana kuphimba chala.

Potsiriza wa mkanjo woyera anati, "Nkhaniyi ndi yapafupi. Tivundukule, tione."

Analowa m'nyumba. Wozinga uja anali kale m'menemo, pamodzi ndi mwana wamwamuna wa malemu. Anali atamugoneka mnzake pamphasa, atamufunda kuyambira pamchombo mpaka m'mawondo, monga amachitira posambitsa maliro. Nsalu imene anamufunda inali chitenje chomwe chija cha maluwa ofiira.

Wa mkanjo woyera anawerama, natambasula dzanja. Wozinga anamugwira pamkono. Linali dzanja laling'ono, koma linazolowera atonde.

"Nsalu iyi sivundukulidwa," anatero wozinga. "Wosambitsa amasambitsa pansi pake, dzanja atakulunga, maso ali kwina. Chimene wapeza sakachinena panja. Munatiphunzitsa ndinu, pa maliro a mlamu wanu."

Wa mkanjo woyera anatsegula pakamwa. Lamulo limodzi linkamukokera kutsogolo, lina linkamukokera kumbuyo, ndipo onse anali ake. Ali chiyasamire choncho, wozinga anamutembenuza mwaulemu, monga ankatembenuzira mbuzi, namutulutsa, natseka chitseko.

Anamusambitsa mnzake pang'onopang'ono. Mwana ankathira madzi, iye ankasambitsa. Anamukulunga m'sanda. Chitenje anachipinda kuti chibwerere kwa mwini wake.

Atatsegula chitseko, khonde lonse linaimirira. "Mwapeza chiyani?"

Iye anati, "Ndapeza mnzanga wafa."

Iye ndi mwana uja anamuika malemu m'jeneza, chonyamulira maliro chija. Kenako wozingayo anagwira ngodya imodzi, mwana anagwira ina, n'kuima. Jeneza ili ndi ngodya zinayi. Anaima choncho, osaitana munthu, osayang'ana munthu. Woyamba kuchita manyazi anali wa kabaza. Wachiwiri anali m'bale wa kumudzi, wa matabwa uja. Kenako khonde lonse linatsika. Pomuswalira, wa mkanjo woyera anaima pamzere woyamba, chifukwa mzere woyamba sanausiyirepo munthu chibadwire.

Anamuika dzuwa lisanalowe, atamugoneka chammbali, nkhope italoza kumene Asilamu amaloza poswali. Odziwa za pansi pa chitenje anatsala atatu: wozinga, mwana, ndi Mulungu. Mwa atatuwo, mmodzi sanafunike kugwira nsalu kuti adziwe, ndipo ndi yemweyo amene anaona munthu akudutsa pakati pa msika, ali ndi mantha ake onse, akupitabe.

Tsono inu amene mwakhala pamphasa apa, mukudya mpunga wa sadaka ya bambo anga, mverani. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo Chiarabu changa n'chopindika ngati chawo. Lamulo sindikulinyoza. Ine ndinadulidwa, ana anga adzadulidwa. Koma lamulo ndi mpeni. Ndi wabwino, ndi wakuthwa, ndipo amene amaudziwa amayamba ndi madzi, mpeni ali kumbuyo. Inu mumaunola pamaso pa munthu, n'kumadabwa akathawira kuchimbudzi. Munthu anabwera kwa Mulungu chifukwa anamva kuti ndi wachifundo ngakhale kwa mbuzi, inu n'kumuonetsa Mulungu woima pakhomo la manda, akusuzumira m'zitenje. Ameneyo si Mulungu, ndi inu. Tsiku lanu likadzafika, nanunso mudzagona pamphasa ndi zanu zimene simunamalize, ndipo mudzalakalaka dzanja logwira pamkono wa wovundukula.

Amene anathira madzi tsiku lija ndine. Ena mwa inu mwandikokera kale kuseri kwa khitchini lero, mawu mutatsitsa, kuti ndikuuzeniko inu nokha. Inde, ndikudziwa. Idyani mpunga, ukuzizira.