Thombozi wa Miyendo Itatu

Kalekale, msewu usanadutse m'mudzi mwathu muno, munali munthu wina dzina lake Thombozi, agogo awo a agogo anga. Anali mkamwini, wosema mitondo, munthu wouma mutu kuposa mitengo imene ankasema.

Mkazi wake, Nakwenda, analumidwa ndi mphiri akupalira. Mwendo unawola, amishoni anaudula m'munsi mwa bondo. Moyo unatsala, inde, koma munda umene amake anamusiyira unali tsidya la mtsinje. Mlongo wake Chidzanja, mwini mbumba, anabwera pakhonde nati, "Mvula ikakupeza uli pompano, mundawo ndipatsa wina. Sindingausiye m'manja mwa alamu, iwo ndi obwera."

Mawu oipa! Ine sindinawamve ndi makutu anga, koma ndikawanena mtima umandiwawa.

Thombozi anaganiza zomusemera mkazi wake mwendo. Anatenga mkuyu wopepuka, nasema kamtondo kolowetsamo bondo. Anatenga muwanga wolimba, nasema chopondera. Zidutswa ziwiri, mwendo umodzi. Nanga azilumikize ndi chiyani? Anali pa changu, mitambo itayamba kusonkhana. Anasungunula phula la njuchi, namata, m'mawa mwake nam'veka mkazi wake.

Nakwenda anayenda, anthu inu! Anayenda, akazi akululutira, mpaka pabwalo. Dzuwa litafika pamutu, phula linafewa, chopondera chinaguluka, mayi uja anagwa chafufumimba pamaso pa mudzi wonse. Chilonda chinatseguka. Atam'nyamula kupita naye kunyumba, anauza mwamuna wake kuti, "Bambo, ululu ndaupirira, koma manyazi awa ayi. Chimtengo chanucho kasonkhereni moto."

Mwaona chimene ndakukalipirani lero, adzukulu anga? Mwabwera kuchokera kukoleji ndi zidutswa za mwendo zimene makina anu asindikiza ndi pulasitiki, zosalala, zokongola, ndipo mukuti mumate lero, mawa mukaveke azakhali anu. Ndakufunsani kuti guluuyo mwasankha bwanji, mukuti wogulitsa wanena kuti ndi wolimba. Kodi wogulitsayo ndiye akayendere mwendowo?

Thombozi chimtengo sanasonkhere moto. Anatola tizidutswa totsala ta mkuyu womwewo ndi muwanga womwewo, nayamba kumata tiwiritiwiri. Tina ndi ulimbo wa mbalame. Tina ndi chikopa cha ng'ombe chophikidwa mpaka kusanduka phala. Tina ndi utomoni. Chilichonse anamangirira mwala, china n'kupachika padzuwa, china n'kumiza mumtsinje, poti mwendo wa mlimi umakhala padzuwa ndi m'madzi momwe.

Ulimbo unagwira, koma wosauma, mwala unangotsika pang'onopang'ono mpaka pansi. Chikopa chinapirira dzuwa, anthu n'kumati, "Basi, wapeza!" Koma cha mumtsinje chija chinalekana. Utomoni sunaope madzi, sunaope dzuwa, koma ataugogoda ndi nsompho unasweka ngati phale.

Chidzanja anadutsa akuseka. "Alamu, mwayamba kubzala miyala m'mitengo? Mukolola liti?"

"Ndikolola, alamu," anatero Thombozi, osatukula mutu.

Anabwerezanso. Anaphika utomoni, nathiramo phula pang'ono kuti usasweke, ndi fumbi la makala kuti usafewe. Chinalekana. Anachepetsa phula. Chinalekananso. Atayang'anitsitsa anaona kuti zomatirazo zikusendeka pa muwanga chifukwa iye, mmisiri wonyada, anausalaza kwambiri. Anaukanda ndi mwala mpaka unakhakhala, namatanso. Chimenecho chinakhala padzuwa, chinakhala m'madzi, anachimenya ndi nsompho, chili gwa!

Inu mukanathamangira kwa Nakwenda, si choncho? Iye ayi. Anamata mwendo weniweni uja, napinda mwendo wake womwe, nalowetsa bondo lake m'kamtondo, namanga ndi luzi. Phazi lake lili lende kumbuyo, iye n'kumayenda. Kumunda, kumtsinje, m'matope, pamiyala, masana dzuwa likuswa mtengo. Mudzi unafa nacho chiseko. Akazi kumadzi ankaimba za Thombozi wa miyendo itatu. Bondo linatupa, linatuluka matuza, iye osavula.

Nakwenda ankangoyang'ana ali pakhonde. Tsiku lina mwamuna wake anabwera magazi akuchucha m'luzi. Mayi uja anafunsa, "Mwagwa kangati?"

"Kugwa ndagwa kwambiri, mayi, koma ndi ine wosadziwa kuyendera. Mwendowu sunaguluke."

"Vulani. Si wanu."

Mvula yoyamba inagwa. M'mawa mwake Chidzanja anali kale m'munda muja ndi munthu amene ankafuna kumupatsa, akumulozera malire. Anamva phokoso kumtsinje. Nakwenda anali pakati pa madzi, khasu lili paphewa, Thombozi ali kumbuyo, manja ali chire kuti akagwa amuwakhe. Mayi uja anamukalipira kuti asamukhudze. Madzi anafika m'ntchafu, mwendo unamira wonse. Anaponda, anapondanso, natulukira tsidya la kumunda ndi miyendo yake iwiri.

Anakwera mtunda, naima pamaso pa mlongo wake, nati, "Achimwene, tasunthani. Mwaponda pamene ndikufuna kuyambira."

Munda umenewo ndi womwe uja tinakolola mtedza chaka chatha.

Tsono mverani. Ife a kwa Thombozi sitifunsa kuti guluu wolimba ndi uti. Timafunsa kuti akagwira chiyani, ndipo akakhala kuti. Pulasitiki wanuyo ine sindimudziwa, ndipo sindinamizira kumudziwa. Koma zidutswa zotsala muli nazo. Zikandeni, zimateni ndi guluu aliyense amene mwagula, zina padzuwa, zina m'madzi, zonse ndi mwala. Chimene chitsale, guluu wakeyo mumatire mwendowo, mmodzi wa inu apinde bondo, auyendere. Azakhali anu anagwa kale kamodzi, tsiku limene galimoto inawatengera mwendo. Kugwa kwachiwiri kukhale kwanu.