Masitepe Khumi ndi Awiri a Nomvelo

Kashopu ka Ankolo Perumal kali pa kanjira ka kuseri kwa msewu wa Grey ku Durban, pakati pa telala ndi mayi wokazinga masamusa. Mkuluyu amakonza makamera a vidiyo ndi kugulitsa ogwirapo kale ntchito, ndipo pakamwa pake sipadziwa kunyengerera kasitomala. Loweruka lina m'mawa m'shopumo munalowa Velaphi Dlungwana, chifuwa chili patsogolo ngati tambala wa m'khola lopanda mnzake.

Pakati pa sabata Velaphi ankayendetsa galimoto yoperekera buledi. Loweruka ndi Lamlungu ndiye ankasanduka wojambula wa gulu la ku Umlazi losewera pa thabwa la timatayala tinayi lija, lomwe amalumpha nalo masitepe ndi kutsetsereka nalo pa zitsulo. Iye mwini thabwalo analisiya kalekale atachita nalo mantha, ngakhale iye ankauza anthu kuti vuto linali bondo.

Chinamulawiritsa tsikulo chinali mlongo wake wamng'ono, Nomvelo. Kampani ina ya ku Cape Town yopanga mathabwa inkafuna mkazi mmodzi woti imulembe, azilandira malipiro ndi kuyenda m'mipikisano, ndipo inati ofuna atumize vidiyo mwezi usanathe. Nomvelo anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, ankaima tsiku lonse m'sitolo ya nsapato kuyeza mapazi a eni ake, ndipo ankadziwa kuti pa msinkhu umenewo mwayi wotere sudzabweranso. Anali atasunga chinthu chimodzi chotsekera vidiyo yake: kutsetsereka pa chitsulo chogwirira cha masitepe khumi ndi awiri a kuseri kwa ofesi ina yakale m'tauni, chomwe panalibe mkazi anali atachiyesapo. Tsono anthu a mathabwa ali ndi lamulo lawo louma, lakuti chosajambulidwa sichinachitike. Ungalumbire pali amako, mboni zili makumi awiri, palibe angakumvere. Woyamba kuonetsa pa vidiyo ndiye mwini chitsulo, wobwera pambuyo ndi wongotsanzira.

“Ndipatseni yakuda iyo, Ankolo, yaikuluyo,” anatero Velaphi akuloza pa shelefu.

“Iwe, ukufuna yojambulira thabwa kapena yoopsezera anthu pa ukwati?” anafunsa Perumal, magalasi ali pa nsonga ya mphuno. “Chabwino, tenga, kamerayo ilibe mlandu. Koma imalemba zithunzi mothamanga, ndiye imafuna khadi lenileni losungira. Aka ndakuikira ka basela. Kamadzaza pa mphindi makumi awiri, koma sikanama.”

Velaphi anakayang'ana kakhadiko, kotuwa, kopalikapalika, n'kuseka.

“Mphindi makumi awiri? Ankolo, mlongo wanga amagwa ola lathunthu asanatere bwino kamodzi.”

“Ndiye uzifufuta zogwazo, chala uli nacho. Apo ayi bwera Lachitatu, aakulu enieni akhala atafika. Koma a pa mlatho aja usakagule, ndakuuza pamaso.”

Atatuluka m'shopumo Velaphi analunjika pa mlatho pomwepo. Pamwamba pa renki ya matakisi pamakhala anthu oyala timalonda pa makatoni, ndipo mmodzi wa iwo anali ndi khadi la chikuto chagolide, lolembedwa kuti limasunga maola asanu ndi atatu, pa mtengo wa nkhomaliro imodzi. Velaphi analigula akudzitama mumtima kuti wamuphunzitsa malonda Mmwenye wokalambayo. Kakhadi kotuwa kaja anakaponya m'kathumba ka pambali pa chikwama n'kukaiwala.

Khadilo silinachedwe kudziulula. Lachiwiri madzulo gulu lija linali pa bwalo la mathabwa la kugombe, Velaphi akuyesa kamera yatsopano. Anajambula nthawi yaitali ndithu. Atakhala pambali kuti aone, zoyambirira zinatseguka bwinobwino, koma ziwiri zomalizira kagalasi koonera kanangoti bii. Anachotsa batire, analiuzira mpweya khadilo, anaimenya kamera ndi chikhatho ngati wailesi yakale. Pomaliza anafufuta zonse n'kuyambanso, ndipo inajambula popanda vuto.

Mtima unamuuza kuti mawa lake ndi Lachitatu, apite kwa Perumal. Koma akanakalowa ndi nkhope yanji, khadi la pa mlatho lili m'manja? Anadziuza kuti chinali chinyontho cha kunyanja, n'kutseka chikwama. Nomvelo atamufunsa ngati kamera ili bwino, iye anati, “Iwe samala miyendo, za kamera usiyire eni ake.”

Lamlungu m'mawa anafika pa masitepe aja m'tauni muli zii. Mlonda anawalola ola limodzi atamugulira botolo la zoziziritsa kukhosi. Linali Lamlungu lomaliza, pakuti mwezi unali kutha Lachisanu, ndipo pakati pa sabata pamalopo pamakhala anthu yakaliyakali. Khethiwe, mnzake wa Nomvelo wa kuyambira ku pulayimale, anatulutsa foni yake n'kukaima kumunsi kwa masitepe.

“Nanga iwe ukutani pamenepo?” anafunsa Velaphi.

“Ndijambuleko nane, bhuti Vela. Maso awiri amaposa limodzi,” anayankha Khethiwe, pakuti kumeneko achimwene amati bhuti.

“Ndi kafoni kosweka galasiko? Choka, ukulowa m'chithunzi changa. A ku Cape Town aziona mlongo wanga kapena aziona dibwiri lako?”

“Ndiima kumbali kuno basi.”

“Ndati bweza m'thumba. Pano wojambula ndi mmodzi.”

Khethiwe anatsonya, anabweza foni, n'kukakhala pa kakhoma ndi anzawo ena.

Nomvelo anayamba. Ulendo woyamba anafika pa mlomo wa masitepe n'kuima. Wachiwiri chimodzimodzi. Kenaka anayamba kulumphira pa chitsulo, thabwa likuthawira kwina iye kwina, ndipo simenti ya kumunsi inamulandira ndi phewa, ndi chiuno, ndi zikhatho mpaka zinasupuka. Ankadzuka, kulavula, kutola thabwa, kukweranso. Velaphi anali atagwada pa sitepe yachitatu kuchokera pansi, kamera ili kumaso, osafufuta kanthu, osabwereza kuona kanthu, pakuti munthu wa maola asanu ndi atatu angavutikirenji. Kanyali kofiira kankayaka mokhulupirika nthawi yonseyo.

Pa ulendo wa makumi atatu ndi chinayi zinatheka. Thabwa linakhala pa chitsulo ngati lakhomeredwapo, linalira kweee kutsika masitepe onse khumi ndi awiri, matayala anayi anatera limodzi kuti khwa, Nomvelo n'kupitirira ali chiimire, manja ali m'mwamba. Anzawo pa kakhoma paja anayamba kumenyetsa mathabwa awo pansi monga mwa mwambo wawo, Khethiwe akululutira, ngakhale mlonda anavula chipewa. Velaphi anaphimba diso la kamera ndi chikhatho, chizindikiro chomwe ojambula amaika kuti pofufuza adzadziwe pomwe pali chenicheni. Onse anathamanga kudzaunjikana pa kagalasi koonera, mitu ikugundana.

Kagalasi kanangoti bii.

Velaphi anabwerera m'mbuyo. Bii. Anabwereranso. Kugwa koyambirira konse kunalipo, kowala bwino, kumveka ndi kubuula komwe. Kuyambira chapakati mpaka kumapeto kunalibe kanthu.

“Bhuti, ili kuti?” anafunsa Nomvelo, mpweya usanabwerere.

“Dikira, ikutsegula.”

“Bhuti Vela, ili kuti?”

Anachotsa batire. Anauzira khadi. Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, maso ali pansi ngati pa maliro. Thukuta lili kamukamu, Velaphi anapisa m'kathumba ka pambali n'kutulutsa kakhadi kotuwa ka Perumal.

“Munali nako kena nthawi yonseyi?” anafunsa Khethiwe.

Velaphi analowetsa kakhadiko m'kamera. Anatembenukira kwa mlongo wake.

“Kamera ya Mmwenye uja ndi imene yatichita chipongwe. Bwereza kamodzi kokha, Nomvelo. Njira waidziwa kale, thupi likadali lotentha.”

“Ayi, chemwali, usayerekeze,” anatero Khethiwe. “Taona miyendo yako ikunjenjemera. Watha iwe.”

“Ndiye adzachita liti? Lamlungu la mawa mwezi udzakhala utatha. Ukufuna akalambire m'sitolo ya nsapato?” anatero Velaphi.

Mlonda analoza pa wotchi yake. Nomvelo anayang'ana chitsulo, anayang'ana mlongo wake nthawi yaitali, n'kutola thabwa. Anakwera masitepewo pang'onopang'ono atagwira chitsulo chomwecho ngati nkhalamba.

Miyendo yotopa siinama. Analumpha mochedwa, thabwa linakola kunsonga kwa chitsulo, iye n'kuuluka yekha masitepe onse n'kutera pa phazi limodzi lopindika. Kakolo analira ngati nzimbe yothyoledwa pa bondo. Ndipo kakhadi ka Perumal, poti sikanama, kanasunga zonsezo mosaphonya: phazi kutembenukira komwe phazi silitembenukira, kukuwa kwa Nomvelo, ndi mawu a Khethiwe akuitana dzina la Mulungu.

Lolemba Velaphi anakalowa kwa Perumal ndi nkhope yomwe ankaiopa ija. Anaika khadi lagolide pa tebulo n'kupempha kuti amuvuulire zomwe zinamira. Mkuluyo analilowetsa m'kompyuta, anayang'ana kanthawi, n'kuvula magalasi.

“Mulibemo kanthu, mwana wanga. Ili ndi tini lobooka. Pachikuto alembapo maola asanu ndi atatu, m'kati ndi theka la ola. Likadzaza silinena, limangolandira n'kumataya. Koma limeneli silinayambe dzulo kukana. Silinakuchenjezepo?”

Velaphi anangoyang'ana pansi.

“Linakuchenjeza,” anatero Perumal. Analikankhira khadilo kwa mwini wake ndi chala chimodzi. “Tenga golide wako.”

Kuchipatala Nomvelo anamuika zitsulo ziwiri m'kakolo. Dokotala anati kuyenda adzayenda, koma zolumpha aiwale. Ku sitolo ya nsapato anadikira masabata atatu n'kulemba wina, pakuti ntchitoyo ndi yoimirira. Kampani ya ku Cape Town inatenga mtsikana wina wa ku Pinetown, ndipo vidiyo yake yoyamba itatuluka, chotsekera chake chinali chitsulo chomwe chija cha masitepe khumi ndi awiri. Anthu anamutcha mkazi woyamba kuchigonjetsa. Omwe analipo Lamlungu lija anayesa kutsutsa, koma ankangofunsidwa funso limodzi, loti vidiyo yake ili kuti.

Velaphi anazemba kwa amayi awo mwezi wathunthu. Masana ena anadzilimbitsa mtima, anagula bani ya nyemba, buledi wogoba uja yemwe Nomvelo ankamukonda kuyambira ali mwana, n'kupita ku Umlazi. Anamupeza pakhonde, mwendo uli pa mpando, ndodo zili pambali. Thabwa lija linali litatsamira khoma, amayi atayanikapo kansalu kopukutira mbale.

“Ndakubweretsera bani,” anatero.

“Ikani pamenepo.”

Anakhala pa sitepe. Anayamba za kutentha, anayamba za matakisi, zonse zikugwera pansi. Nomvelo anamudula.

“Ndikufunseni chinthu chimodzi, bhuti, ndipo musandinamize. Khadi lija linali litakuchitanipo kale zimenezi?”

Velaphi anavomera. “Kamodzi. Lachiwiri lija kugombe.”

“Tsiku lomwe ndinakufunsani lija.”

“Ndinkayesa ndi chinyontho.”

“Ndipo kabwino kanali m'chikwama. Ndipo Khethiwe munamuthamangitsa ndi foni yake.”

Misozi inamutsika mwamuna wamkuluyo, yeniyeni, yosapanga. Anagwada pakhondepo, chifuwa chija chitaphwa.

“Pepani, sisi. Ndinalakwa ine. Pepani kwambiri.”

Nomvelo sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinamuwawa kwambiri Velaphi. Anangokweza nsalu pa mwendo n'kuonetsa chipsera chofiirira chokhala ndi mabowo a ulusi mbali zonse ziwiri.

“Pepani wanuyo muikeni apa, tione ngati ndiimirira.”

Nomvelo anabweza nsalu pa mwendo.

“Ndinatsetsereka ine pa chitsulo chija, bhuti. Masitepe khumi ndi awiri. Munaona ndi maso anu. Koma mwana wanga akadzandifunsa, ndidzamuonetsa chiyani? Zaka zonsezi, chomwe munandijambula bwino ndi tsiku lomwe ndinathyoka.”

Anatola ndodo zake, anadzikoka n'kuima ndi mwendo umodzi. Velaphi anatambasula dzanja kuti amuthandize, iye analilambalala n'kulowa m'nyumba, ndodo zikugogoda pa simenti. Bani ija inatsala pakhonde mpaka inazizira.

Kamera yakuda ija Velaphi akadali nayo, ndipo masiku ano makhadi amagula kwa Perumal, amabwereza kuona chilichonse asanachoke pamalo, ndipo wofuna kujambula ndi foni amamupatsa malo ndi manja awiri. Waphunzira ndithu, palibe angatsutse. Kungoti sukulu yake analipira ndi phazi la mlongo wake. Nomvelo amamulonjera, amamupatsa tiyi akabwera, ndipo kukazizira amatsimphina popita kukakwera takisi. Akuluakulu ananena kale, ndipo sananame: pepani sapoletsa chilonda.