Pepala la Mabwana

Ku Bembeke kudali mayi wina, Nasimango, amene adapita ku Lilongwe kukasankha pepala la pulasitiki lokhuthala, loyera, lofolera gilinihausi, nyumba yake yolimamo tomato. Akulitsitsa kumene, adatulukira a Chagunda, wapampando wa kalabu ya alimi, amene ankagawa madzi a mthirira.

"Pepala lolimbana ndi dzuwalo lipite kwanga," adatero. "Apo ayi, madzi kudimba kwanu muiwale."

Nasimango adagwada. "Bambo, loyerali ndi la ife amphawi, dzuwa limangodutsamo ngati pamsewu. La mabwana ndi ili." Adatulutsa lakuda bii, lija timayala kunsi kwa udzu pofolera nyumba.

A Chagunda adalisenza okha. Antchito awo adafolera gilinihausi ya bwanayo n'kumathirira mbande, poti bwana satsutsidwa. Eniakewo ankangodzitama pamsika.

Patatha masabata atatu, adaitana kalabu yonse kuti idzaphunzire. Atatsegula chitseko, mbande zonse zidali zitayezuka, zoonda ngati ulusi, zitagona pansi.

"Nasimango! N'chiyani chimenechi?"

"Paja mudafuna lolimbana ndi dzuwa, bambo. Onani, dzuwa lagonja. Silidalowemo n'kamodzi komwe."