Zipanda za Nachanza

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, msewu uwu usanalambulidwe, munali mayi wina dzina lake Nachanza, kholo lathu. Iwe Dalitsani, siya kaye kuboola chipandacho, udzicheka. Si iwe unanena masana kuti zovala zipanda kumutuzi tinaonera azungu pa kanema? Ha! Azungu ake ati? Khala pansi umve.

Nachanza anali mkazi wamakani. Akati apa, ndi pomwepo. Chaka china mvula inanyanya, madzi nakokolola minda ya kumunsi, ndipo munda umene unapita wonse unali wa Gwedeza, mwamuna wa mng'ono wake. Gwedezayu anali mkamwini, wochokera kutsidya kwa mtsinje. Mukudziwa zimene zinkamuonekera mkamwini akalephera kudyetsa banja? Eni mudzi ankangomuikira khasu ndi mphasa yake panja, basi, azipita kwawo, ana atsale. Tsono Gwedeza ana ake ankawakonda, makamaka chitsirizira wake, kamtsikana kotchedwa Siyeni. Ndiye anaika lamulo m'nyumba mwake: wina asadziwe kuti muno mulibe chakudya, wina asapemphe, wina asalandire.

M'mawa utsi unkafuka pakhomo pawo, koma mumphika muli madzi okhaokha. Masana mkazi wake ankasinja, di! di! di! kuti anthu amve. Koma Nachanza anali munthu womunamiza ndi mtondo? Mtondo wa chimanga umalira pansipansi, wopanda kanthu umalira ngati ng'oma. Mayi uja anatapa ufa m'lichero, ulendo kwa mlamu wake.

"Odi alamu! Ndabweretsa kaufa ka ana."

"Zikomo alamu, ife tadya kale. Ufa uli tho m'nyumbamu."

Akunena choncho, Siyeni ali kumbuyo kwake, tsitsi litafiira, mimba itatupa, miyendo ngati mapesi. Nachanza anati, "Alamu, taonani mwanayo." Gwedeza anatsitsa mawu, nati, "Alamu, mukufuna mudzi wonse uone lichero lanu likulowa pakhomo panga? Mawa ndigona kuti? Ana anga ndidzawaonera kuti?"

Nachanza anabwerera ndi ufa wake, mtima ukuwawa, misozi ili chuchuchu. Akanatani? Akaulule kwa amalume, mng'ono wake atsala wopanda mwamuna, ana opanda bambo. Akhale chete, mwana afa iye akuona. Mayi uja anapukuta misozi ndi nsalu, nati, "Kufa mwana, ine Nachanza ndilipo? Ayi, zimenezo ayi."

M'mawa mwake anazungulira kuseri kwa nyumba za anthu, kutola zipanda zakale za mowa, zong'aluka, zotayidwa. Anazidula kunsi, naboola maso, naboola pakamwa, zina nazisiyira mano otalika ngati a nguluwe. Kenako anaitana ana onse a m'mudzi, okhuta ndi anjala omwe, ati kuli masewera. Masewera ndiye Gwedeza sanaletse. Aliyense anamuveka chipanda kumutu, thupi nalikuta ndi masamba ouma a nthochi, mpaka mayi sakanamudziwa mwana wake. Anawauza kuti, "Lero ndinu alendo. Pakhomo lililonse muziti, odi alendo! Wotchula dzina la mnzake ndithana naye." Amayi anzake anali atawanong'oneza kale kuti alendo akafika asawafunse kwawo, angoponya kanthu m'dengu.

Asananyamuke, akuluakulu a kudambwe, eni gule, anafika nkhope zili gwaa. "Iwe mkazi, wayamba kuseweretsa zinthu za amuna?" Inu mukanayankha chiyani? Ena akanagwa pansi ndi mantha. Nachanza anagwada bwinobwino, nanyamula chipanda chimodzi, nati, "Pepani akuluakulu. Ichi ndi chipanda chomwe munkamweramo mowa chaka chatha. Chavinidwa liti?" Mmodzi analephera kudzigwira, anaphulika kuseka, enawo n'kutsatira. Anachoka akupukusa mitu, ati mkazi uyu ngosatheka.

Dzuwa litapendeka gulu linanyamuka, masamba ali tswatswatswa, agalu akuuwa, nkhuku zikubalalika. "Odi alendo!" Apa chinangwa. "Odi alendo!" Apo dzungu. Wina nyemba, wina kambale ka ufa. Njala inali paliponse, koma ndani akanamana zinthu zoseketsa chotero? Nachanza ankatsogolera, ndipo njira anaikhotetsa dala kuti nyumba ya Gwedeza ikhale yomaliza. Mudzi wonse unali pambuyo, kuseka ndi kululutira.

"Odi alendo!"

Gwedeza anatuluka, manyazi atamugwira, poti choponya m'dengu analibe. Asanatsegule pakamwa, ana anatula dengu pakhonde, nanena monga anawaphunzitsira Nachanza: "Tatopa, ulendo watha. Katundu wa alendo amatsala panyumba yomaliza."

Munthu uja anaona msampha, nayang'ana mlamu wake ndi diso lofiira. Nachanza anangoyang'ana kumwamba ngati akuona mbalame. Gwedeza anati akankhe dengulo ndi phazi, koma poweramitsa mutu anaona timapazi tiwiri pansi pa masamba a nthochi, kachala kakang'ono kopindika ngati kake komwe. M'chipandamo munkamveka kukutu, kukutu. Siyeni anali akutafuna chinangwa chachiwisi, osadikira n'komwe kuti chiphikidwe.

Gwedeza akanatani? Amukalipire mwanayo? Ndiye kuti amutchula dzina pamaso pa anthu, ndi njala yake yomwe. Gwedeza anagwada pamaso pa kachipanda kaja, nawomba m'manja monga tichitira kwa alendo olemekezeka. "Fikani, alendo," anatero, misozi ikutsika. "Sindikukudziwani, koma fikani. Katundu wanu ndalandira."

Palibe ananena kuti Gwedeza wapempha, palibe ananena kuti wapatsidwa. Alendo anatopa, basi. Ndipo alendowo anatopera pakhomo lomwelo kangapo konse mpaka chimanga chinacha. Gwedeza anakalambira m'mudzi muno, manda ake ali kumsitu uko. Siyeni anakula, nabala amayi anga. Chinangwa chija chikanapanda kulowa m'chipanda, ine kulibe, inunso kulibe.

Ndiye chifukwa chake chaka chilichonse, nkhokwe zikayamba kupepuka, ana a banja lino mumavala zipanda, ndipo ife sitikufunsani maina ngakhale tikuona mapazi anu. Kupatsa aliyense amatha, ana inu. Koma kupatsa munthu osamuvula ulemu, imeneyo ndi ntchito ya ife a kwa Nachanza, ndipo ndimanyada nayo. Mawa ndikunong'onezani nyumba yomaliza. Mukafika mutule dengu, mutembenuke, ndipo wina asakanene kusukulu kuti inali ya yani.